Chimbale Chanu Chatuluka, Amayi

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Kobwe tadzuka, ngakhale kudzuka kwa masiku ano n'kongoti thupi lichoke pamphasa anthu asakuyese wodwala. Ndine Veronika. Ndakhala ndikufuna kukulemberani chichokereni kumanda, koma cholembera changa chinali chitafa, ndipo mukudziwa nokha kuti ine ndikagwira bolopeni zimatuluka ngati papalasa nkhuku. Tsopano kompyuta ija yadzuka, ndiye ndati kalata yoyamba kutuluka m'menemo ikhale yanu. Aphunzitsi ndi mayeso awo adikire kaye.

Ndiyambe ndi zokoma, poti munkadana ndi munthu wofika pakhomo n'kuyamba madandaulo asanalandire madzi akumwa. Monika, mng'ono wanga, anachira bwinobwino. Mwana ndi wamkazi ndipo tamupatsa dzina lanu, Agnesi. Chipumi ndi chanu chenicheni, ndipo akamayamwa amakwinya nkhope ngati pali wina sanatsuke bwino mbale. Yohane akadali ku Lichinga pa ntchito yake ya ulonda ija, wanenepa, mkazi sanapezebe. Tereza wanga wakhoza mayeso, ndipo masiku ano amandikonza Chipwitikizi pamaso pa makasitomala, ine n'kumangomeza mate.

Zina sizili bwino kwenikweni. Nyanja inakwera mpaka kulowa m'munda wanu wa kumunsi kwa mango uja, chinangwa chambiri chinaolera m'nthaka. Tinazula chomwe tinatha, koma ufa wa kondowole tikuchita kupima, ndipo chimanga tikudalira cha anthu a ku Maniamba. Bambo a Tereza usipa wawanyoza chaka chino. Amapita ndi ukonde wa chilimira, amabwera ndi chimfine. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, kupatula thadzi lakuda lamwano lija, lomwe likuoneka kuti ngakhale chitopa chimaliopa. Denga la khitchini likudontha pomwe linkadontha paja.

Koma si izi zandikhazika pansi. Amayi, ndinayamba kuiwala liwu lanu. Sindinauze munthu aliyense, chifukwa ndi zochititsa manyazi kwa mwana amene anakusambitsani mpaka tsiku lomaliza. Zimene munkanena ndili nazo zonse. Ndikamathira mchere ndimakumbukira kuti munkati ndisathire ndili chiimire ngati ndikudyetsa nkhuku. Ndikamatseka chitseko ndi phazi ndimakumbukira kuti munkafunsa ngati manja ndinabwereketsa. Koma m'mutumu zimamveka ndi liwu langa, osati lanu. Nkhope yanu ndili nayo m'foni, ndikaifuna ndimaiona. Liwu ndiye linkachoka pang'onopang'ono, ndipo ndikayesa kulikakamiza kuti libwere, kunkabwera la amayi aang'ono a Rozina. Monika akuti amakulotani mukuyankhula. Ine ndikagona ndimangogona ngati chikuni, ndipo nsanje ndinamuchitira.

Chiyembekezo changa chonse chinali pa chimbale chija. Mukukumbukira chaka chimene kunabwera bambo wa ku Likoma uja ndi makina ojambulira mawu, n'kujambula kwaya yanu ya amayi pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Anasiya chimbale chimodzi chokha, ndipo poti ndinu munkatsogolera, chinakhala kwa inu. Nyimbo zonse munaimba pamodzi ndi anzanu, koma yomaliza munaimba nokha, ija munaiphunzira ku Malawi tili othawa nkhondo. Bambo wojambulayo anamwalira kalekale. Nditafunsitsa kwa ana ake, anati katundu wa bambo awo anatha ndi chiswe. Choncho padziko lonse lapansi nyimbo imeneyo inali malo awiri okha: pa chimbalecho, ndi m'kati mwa kompyuta yanga momwe ndinaikoperamo.

Kompyutayo simunkaikonda, ndikudziwa. Tsiku limene ndinabwera nayo kuchokera ku ofesi ija inkatseka, nditadina batani kathireyi koikapo chimbale katatuluka, munabwerera m'mbuyo n'kunena kuti chinthu chopanda mwambo, chotulutsira akuluakulu lilime. Kuyambira pamenepo dzina lake linali Chamwano, ndipo kathireyi kaja tonse tinkangoti lilime. Koma Chamwano yemweyo ndiye anatidyetsa zaka zonsezi mu kabaraka, kasitolo kanga ka pamsika kaja, kutaipira aphunzitsi mayeso, asodzi makalata a ku boma, ndi achinyamata kuwaikira nyimbo m'mafoni. Ndipo mutagona osadzukanso, ndinu nomwe munati ndibweretse Chamwano kuchipinda kwanu muzimva anzanu akuimba. Ndinamusenza pamutu, batire bambo a Tereza ananyamula. Sabata imeneyo nkhungu zouluka zija zinatuluka m'nyanja zambiri, zikulowa paliponse, ndiye munati ndimufunditse chitenje chanu chobiriwira chija asatsamwe. M'mawa umene munatisiya ndinangozimitsa, chimbale chili m'kati, n'kubwezera chitenje pamwamba. Maganizo ochitulutsa analibe pokhala tsiku limenelo.

Titabwera kumanda, amayi aang'ono a Rozina anakhoma chitseko cha chipinda chanu, kiyi n'kumanga pa mpango. Mwambo mukuudziwa kuposa ine: za malemu sizikhudzidwa mpaka mwini mbumba adzatsegule yekha ndi kugawa. Mwini mbumba ndi malume a Barnaba, mlongo wanu, ndipo iwo maliro atangotha anakwera boti kubwerera ku Likoma, amvekere abweranso posachedwa. Ine ndinapita kwa amayi aang'ono mwaulemu, ndinagwada ndithu.

"Amayi aang'ono, kompyutayo si ya malemu. Ndi yanga, ndimadyera momwemo."

"Kuti ndi yako tikudziwa, mwananga. Nanga chitenje chaifundacho n'cha ndani?"

"Chitenjecho musiye momwemo, ine nditenge kompyuta yokha."

"Utenga bwanji osachikhudza? Chili pansi pa nsalu ya malemu n'cha malemu mpaka mwini mbumba avundukule. Pasiyensiya, Vero, ugwire mtima. Komanso mng'ono wako ali ndi pakati. Ukalowamo, china chikachitika, usadzati sitinanene."

Pamenepo ndiye anandimanga manja. Zenera la kuseri lija ndimadziwa matsegulidwe ake kuyambira ndili mtsikana, ndipo kangapo konse ndinaima pamenepo n'kuligwira. Ine sindikhulupirira kuti chitenje chingapweteke mwana ali m'mimba. Koma ndikaganiza kuti bwanji Monika atavutika pobereka, pa zifukwa zina zilizonse, mudzi wonse n'kundiloza chala, iyenso mumtima n'kumandikayikira moyo wake wonse, dzanja linkabwerera lokha. Ndinasankha mng'ono wanga, ndipo ngakhale lero ndikanasankha chimodzimodzi. Kungoti mkwiyo sunathe.

Za malume munkanena nokha, kuti a Barnaba akati mawa, iwe fesa mpunga, ukolole, upunthe, ndiye uyambe kuyang'ana kunyanja. Poyamba anatupa miyendo. Miyendo itaphwa, kunali mphepo ya mpoto, maboti osawoloka. Mpoto utaleka, chikalata chawo chowolokera chinali chitatha mphamvu. Dzinja lonse linadutsa chipinda chili chikhomere, mvula ikuwomba khoma, ine ndikudya za kutchaja mafoni basi. Aphunzitsi anayamba kutumiza mayeso awo ku Metangula. Monika anabereka, mwana anayamba kuseka, malume osaoneka.

Anafika mvula itasiya, atavala jekete lawo la pa Pasaka. Anapemphera nthawi yaitali, anatsegula, tinalowa. Fungo lanu linali litachoka, Amayi, munali fungo la chinyezi ndi mileme. Anagawa zovala, ziwiya, mphasa, nyale. Atavundukula chitenje chija anaima kaye, kenaka anati, "Kanema uyu apite kwa mwana wamwamuna." Ndikuuzeni zoona, ndinaiwala kuti ndili pamaso pa akuluakulu. Zimene ndinayankhula sindizilemba muno, mungandidzudzule. Anapulumutsa zinthu ndi Yohane, yemwe anaseka n'kunena kuti, "Malume, imeneyo ndi ya mana Vero, achemwali anga. Ine ndingaidziwire pati, ndikaika pamutu?" Malume anakhumudwa, madzulo sanadye kwathu. Ndinakapepesa m'mawa mwake ndi nkhuku ya eni, yochita kupempha.

Ndinamusenzanso Chamwano kubwerera naye ku baraka. Ndinapukuta fumbi la pamwamba, ndinalumikiza ku batire ya sola, ndinadina. Fani inazungulira monyinyirika. Kenaka m'kabokosi ka chimbale munamveka kukwecha, kwee, kwee, ngati munthu akunola mpeni pamwala. Ndinazula waya msangamsanga. Nditayatsanso, kukwecha kunali kutaleka, koma kunayamba kwina, tcha, tcha, tcha, kuchokera m'chosungira, chija chimasunga zonse za m'kompyuta. Pa sikirini panangobwera timalemba toyera tonena kuti palibe poyambira. Ndagwira ntchito imeneyi nthawi yaitali, kulira kumeneko ndimakudziwa. Chosungira chinali chitafa ndi chinyezi, ndipo chinapita ndi zonse: mayeso a zaka zambiri, zithunzi za ukwati wa Monika, ndi nyimbo zanu zimene ndinakopera zija. Chinatsala ndi chimbale chokha, ndipo nacho chinali m'mimba mwa Chamwano. Ndinadina batani la lilime. Kagetsi kanaphethira, kamota kanang'ung'udza, lilime osatuluka. Chinthu chimene munkachinena kuti n'chamwano chinasankha nthawi imeneyi kuphunzira ulemu.

Pansi pa lilime pamakhala kabowo kakang'ono, koti ukalowetsamo kawaya n'kukankha, limatuluka ngakhale popanda magetsi. Kawaya koyenera ndinalibe. Ndinatenga mbedza ya bambo a Tereza, ndinaiwongola ndi pulayala, ngowe yake n'kuiphwanya. Nditakankha, lilime linasuntha pang'ono ngati m'lifupi mwa chikhadabo, n'kuima nji. Pampata pamenepo panagwa dothi lofiira. Ndinaliyang'ana, ndinalifikisa pa chala, ndipo ndinadziwa amene anachita lendi m'kompyuta yanga dzinja lonse.

Nditamasula chivundikiro cha m'mbali ndinapeza mudzi wathunthu. Nkhungu zouma, mazira a mphemvu, zitosi za nalimata, ndiye mavu omanga ndi dothi aja. Analowera pa mpata wa kutsogolo pamene panathyoka kapulasitiki kalekale, ndipo pansi pa chitenje chanu anapeza mdima ndi bata zimene amafuna. Anamanga pa fani, anamanga m'mbali mwa memori, anamanga pakona paliponse. Ndinakumbukira kuti munkatiletsa kuwaphwanyira nyumba zawo pakhoma, mumvekere asiyeni, nawonso ndi amayi akumangira ana. Amayi, anzanu aja ndi amenewa, ntchito yawo ndi imeneyi.

Kabokosi ka chimbale ndinakachotsa n'kukamasulira m'lichero, kuti timabawuti tisagwere mumchenga. M'kati mwake mavu anali atamanga nyumba yaikulu kuposa zonse, yogwira lilime mbali ina, mbali ina yoluma mphepete mwa chimbale chanu. Sindinafune kuswa ndi mphamvu. Ndinatenga nthenga ya nkhuku, n'kumadonthezera madzi pa dothilo pang'onopang'ono mpaka linafewa, akangaude ouma amene mavu amasungira ana awo akugwera m'lichero. Dzuwa linapendeka ndili pomwepo, msana ukuwawa. Potsiriza chimbale chinanyamuka. Ndinachitsuka ndi madzi oyera, ndinachiumitsa ndi kansalu kofewa, ndinachipendeketsa pa kuwala. M'mphepete mwake monse munali mzere wokandika, wozungulira ngati chibangiri. Kukwecha kuja kunali chimbalecho chikuyesa kuzungulira, dothi likuchipala. Sindinalire, Amayi. Ndinangomva kutopa kofika m'mafupa.

Ndinakwera chapa, minibasi zathu zija, kupita ku Metangula, Chamwano ali pamiyendo ngati mwana wodwala. Msewu mukuudziwa, sunasinthe, waonjeza maenje. Kumeneko kuli a Saide, mwana wa mwini sitolo ya nsalu uja munkagulako, amene amakonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa sitolo ya bambo awo. Anasuzumira m'kati, anapukusa mutu, anaseka.

"Mana, iyi ndi nkhalamba. Diso lowerengera chimbale lafa, kalamba kokoka lilime kaola, chosungira ndiye musanene. Bwanji osangoisiya ipume, mupeze laputopu?"

"Laputopu za masiku ano zili ndi poika chimbale?"

"Zilibe. Ndani akufunanso chimbale?"

"Ine."

Atamva kuti pa chimbalecho pali ndani, analeka kuseka. Anati nawonso mayi awo anapita osasiya ngakhale chithunzi. Anakhala nane tsiku lonse. Anaika chosungira cha mtundu watsopano, chopepuka ngati bokosi la machesi, chopanda chozungulira m'kati, choti chinyezi ndi kugwedezeka kwa chapa sichiopa kwenikweni. Anaonjezera memori yochotsa m'kompyuta ina yakufa, anasintha kabatire kozungulira kosunga nthawi, mapulogalamu onse anaikamo kuchokera pa fulashi. Kale ndinkayatsa Chamwano n'kupita kukatunga madzi, kubwera asanamalize kudzuka. Tsopano ndikadina, ndisanakhale bwino pampando wayamba kale kundidikira. Zimenezi n'zabwino, sindikana, ndipo aphunzitsi akondwa. Koma kabokosi kowerenga chimbale a Saide analibe, anati zimenezo anthu anasiya kubweretsa. Ndinabwerera ndi kompyuta yothamanga, yokhala ndi bowo kutsogolo.

Ndinaimbira Yohane kuti afufuze ku Lichinga. Ndinamufotokozera bwinobwino: kabokosi konenepa, ka kompyuta ya pa tebulo, kumbuyo kwake kolowa lamba wotambalala wa mano ambiri. Anati wamva. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka katundu anafika ndi dalaivala wa chapa, wokulungidwa bwino m'nyuzipepala. Kutsegula, ndi ka laputopu, kopyapyala ngati chigumu cha pa sukulu, polowetsa waya posagwirizana ndi chilichonse chimene ndili nacho. Nditamuimbira anati, "Koma wogulitsayo anati zonse n'chimodzimodzi." Mwana wanu ameneyu, Amayi, mtima ndi wabwino, makutu ndiye munamupatsa okongoletsa mutu.

Apa ndinafooka. Chimbale ndinachikulunga m'kansalu n'kuchiika pansi pa sutikesi, ndipo kwa nthawi ndithu sindinafune n'kuchiona komwe. Ndinkataipa mayeso, ndinkaphika, ndinkachapa, ndinkapita kumunda kukabzala chinangwa china kumtunda. Liwu lanu linali litatheratu tsopano. Ndinkayesa kuimba nyimbo yanu ija ndikupalira, kuti mwina likumbukika, koma ndinkangomva mkazi wotopa akuimba molakwitsa.

Thandizo linachokera kumene sindinkayembekeza. Tsiku lina mwini boti wa ku Likoma anandiitana kugombe, akuti ndili ndi katundu. Kupita, ndi kompyuta yathunthu, yakale kuposa yanga, yomangidwa ndi linya pamodzi ndi mkoko wa nthochi. Anatumiza ndi malume a Barnaba. Kani Yohane anawafotokozera zimene zinachitikira kompyuta yanga m'chipinda muja, ndipo iwo anayenda ndi miyendo yawo yotupatupa ija khomo ndi khomo mpaka anaipeza kwa mphunzitsi wina wopuma, amene ankaikapo ndowa ya madzi. Uthenga wawo unali wakuti, "Kachidutswa kakufunikako sindikadziwa, ndiye ndatumiza nyama yonse, asankhe yekha." Pepani sananene, ndipo simungayembekeze kuti anganene. Koma nthochizo ndinazimva tanthauzo lake, ndipo ndawakhululukira.

Kabokosi ka m'menemo kanali koyenera, lamba wake yemweyo. Ndinakapukuta, diso lake ndinalitsuka ndi kathonje, ndinakamangirira mwa Chamwano. Kuyatsa, kompyuta osakaona. Ndinamasula, ndinabwezera, ndinasintha lamba, osakaonabe. Ndinatsala pang'ono kukaponya m'nyanja. A Saide pa foni anati ndiyang'ane kumbuyo kwake, pali kapulasitiki kakang'ono ngati njere ya mpunga kovala pa timano tiwiri, ndikasunthire pa timano tina. Ndinakazula ndi mbedza yomwe ija, kanagwa, ndinakafunafuna chokwawa pansi pa tebulo, makasitomala akundiyang'ana pazenera. Nditakaika pamalo pake n'kuyatsa, ndinadina batani, lilime linatuluka bwinobwino.

M'mawa mwake ndinatseka chitseko cha baraka, ndinauza anthu kuti kulibe magetsi. Ndinaika chimbale, ndipo ndinathamangira ku nyimbo yomaliza. Kanamveka kaphokoso ka mphepo, kenaka chimbale chinayamba kuzungulira pamalo amodzi, kulira, kuima, kuyambanso. Ndinachitulutsa, ndinapaka mankhwala otsukira mano pa mzere uja monga anandilangizira a Saide, ndinapukuta mofatsa, ndinayesanso. Ndinauza kompyuta kuti ikopere pang'onopang'ono, mwina ingatole zina. Inayesa mpaka kabokosi kanatentha. A Saide anandiuza mosabisa kuti chimbale chimayamba kuwerengedwa pakati kupita kunja, ndiye nyimbo yomaliza imakhala m'mphepete, pomwe panapalidwa paja. Anati, "Mana, imeneyo yapita. Pulumutsani zotsalazo."

Nyimbo yanu yapita, Amayi. Ndikuuzeni mosazungulira. Zapakati zilipo, koma m'menemo muli amayi ambirimbiri, ndipo pamwamba pa onse pali amayi aang'ono a Rozina akukuwa ngati aitana boti lili pakati pa nyanja. Ndinamvetsera ndi khutu pa sipika, kufunafuna inu, ndipo pena ndinkati uyu ndi iwo, kenaka n'kukayika. Miyezi yonseyi, ulendo wa ku Metangula, kukwawa pansi pa tebulo, mathero ake ndi a Rozina. Ndinaseka ndekha, kuseka koipa.

Ndinati basi ndikopere zomwe zatsala, ndibwezere chimbale m'sutikesi. Ndinasankha zonse kuyambira pachiyambi, ndipo kompyuta itamaliza inayamba yokha kuseweretsa gawo loyamba. Gawo limenelo sitinkalimvera. Nthawi zonse munkati ndidumphe, ndi phokoso chabe, bambo uja ankangoyesa makina ake. Ndinalisiya lipite chifukwa ndinalibe mphamvu yotambasula dzanja. Munamveka benchi ikukokedwa, tambala, wina akutsokomola, bambo uja akuti amayi sunthirani kuno, aatali kumbuyo. Kenaka, pafupi penipeni ndi makinawo, ngati mwaima kumbuyo kwanga, inu.

"Iwe Vero, mwanayo padzuwa bwanji? Bwera naye kuno kumthunzi."

Bambo uja anati, "Amayi, chete tsopano, tikuyamba."

"Chete wa chiyani, ndikuyankhula ndi mwana wanga. Vero, wadya iwe? Nkhope imeneyo si ya munthu woti wadya."

Amayi, liwu lanu si limene ndinkalifunafuna m'mutu muja. Ine ndinkafuna lalikulu, la m'tchalitchi. Kani ndi laling'ono, lokwera, losasa pang'ono, ndipo muli kamluzu kotulukira pa mpata wa dzino lija munachotsa. Nditangolimva ndinalidziwa thupi lonse, ngati sindinaliiwalepo. Tsiku lojambulalo ndinali nditabereka Tereza kumbuyo, ali khanda, nditaima patali kuonerera, ndipo sindikumbukira n'komwe kuti munandifunsa zimenezo. Kaya ndinayankha chiyani, makinawo sanatole.

Koma pano ndinayankha. Ndili ndekha m'baraka, chitseko chotseka, ndinamva pakamwa panga pakunena mokweza kuti, "Sindinadye, Amayi." Ndipo zinali zoona. Dzuwa linali litapitirira pamutu, m'mimba mulibe ngakhale tiyi, ndipo nditaganiza bwino ndinaona kuti masiku ambiri akhala akutha choncho. Chichokereni inu anthu amandifunsa zambiri. Amafunsa ngati mayeso atha, ngati foni yadzaza, ngati ndiwo zapsa, ngati ndingapite ndi mwana wa Monika ku sikelo. Onse ndi anthu ondikonda, sindikuwadandaula. Koma funso limenelo palibe anandifunsapo, ndipo ine sindinadziwe kuti ndi limene ndinkalisowa. Misozi imene inakana kutuluka tsiku la mzere lija inatuluka pamenepo, yambiri, mpaka mayi wogulitsa tomato pafupi anagogoda kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, ndikucheza ndi amayi anga.

Kagawo kameneko ndakaika m'chosungira chatsopano, pa fulashi, m'foni mwanga, ndipo ndatumizira Yohane ndi Monika kuti kakhale malo ambiri. Ndi kakafupi, munthu sangamalize n'kumwa kapu ya madzi kasanathe. Kwa ine kakwana.

Ndatopa, Amayi, sindikubisirani. Koma ndamva zimene mwafunsa, ndipo ndikulonjeza kuti simudzandipezanso ndi nkhope imeneyo. Ndizidya, ngakhale ntchito ichuluke bwanji. Pano ndikuzimitsa kompyuta, nditseke baraka, ndipite kunyumba. Kuli mbatata ya dzulo ndi usipa pang'ono, ndikakhala pansi pamthunzi ndidye bwinobwino.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,

Vero